Mawu a Festus Padenga

"Gwila waya uyo, Reuben, koma usadonse!" anafuula Festus ali pamwamba pa makwerero kuseri kwa nyumba yake, pulayala ili m'manja.

Festus anali wokonza magetsi a galimoto pa Rufunsa, munthu wodzikhulupirira kuposa mmene anthu ankamukhulupirira. Koma sabata imeneyo mtima wake sunali m'malo. Lamlungu, iye ndi mkazi wake Harriet ali kutchalitchi, akuba anathyola zenera la kuseri n'kusesa mabulangete ndi mapoto onse. Harriet anachita mantha kwambiri. Anamanga zovala zake m'chitenje n'kunena kuti akubwerera kwa amayi ake ku Chinyunyu, sangakhale m'nyumba yolowa aliyense ngati sitolo. Festus ankamukonda mkazi wakeyo, ndipo mtolo umene unali pakona uja unkamudyetsa nsima yosakoma.

Ndiye anakonza nzeru. Reuben, mnzake woyendetsa minibasi, anamubweretsera kuchokera ku Lusaka tizipangizo tiwiri tokhala ngati maso, totha kuzindikira munthu akamadutsa. Zotsalazo Festus anazula m'magalimoto akufa: batire, wailesi ya kaseti, sipika yaikulu ndi timaswichi. Zonsezi anazitsekera m'bokosi lachitsulo pansi pa denga kuseriko, kuti wakuba asathe kuzimitsa.

"Iyi bokosi ndiye bongo," anafotokoza akutsika. "Munthu wabwino abwela kutsogolo, akamba odi. Apo kazalila kabelu chabe. Manje wobwela kumbuyo ni kawalala, wakuba, palibe vokambilana. Bongo izayatsa kaseti."

"Kaseti ya nyimbo? Ufuna avine?" anaseka Reuben.

"Uzamvela."

Kasetiyo Festus anali ataijambula yekha, atadzitsekera m'minibasi ya mnzakeyo. Analumikiza waya womaliza, napita ndi Reuben kutsogolo kukayesa belu. Belu linalira bwinobwino. Festus anaitana Harriet kuti adzaone, chifuwa chili patsogolo ngati tambala.

Nthawi yomweyo n'kuti amake Harriet atatsika basi pamsewu waukulu, dengu la mbatata lili pamutu. Anamuona mkamwini wawo ataima pakhomo. Mayi wodziwa mwambo sangafike maso ndi maso ndi mkamwini, choncho anachita zimene ankachita masiku onse akabwera. Anapatuka mwakachetechete, nadzera m'chimanga kuti akatulukire kuseri kumene kuli khitchini.

Denga linang'ambika ndi mawu a Festus.

"Kawalala! Kawalala! Mugwileni! Nakuona iwe, galu!"

"Yagwila!" anakuwa Festus mwini wake mokondwa, nathamanga ndi chitsulo m'manja. Atangosuzumira pakona, anataya chitsulo chija. Apongozi ake anali atakhala pansi patsinde pa makwerero, mbatata zili mbwee, manja ali kumutu. Anabwerera chafutambuyo n'kukabisala kuseri kwa khoma.

Anansi anali atafika kale ndi mipini ndi miyala. Reuben anatambasula manja kuwatsekereza. "Bwelelani, ni ba mayi aba! Ni apongozi ba nyumba ino!"

Pamwamba apo kaseti sinatope. "Nakuona iwe, galu!" Azimayi ena anagwira pakamwa, ena anatembenuka kuti kuseka kwawo kusaoneke. Festus anafuna nthaka itamumeza. Munthu amene chikwatire sanakwezepo mawu pamaso pa apongozi ake, lero ankawatukwana mudzi wonse ukumva. Kuti akazimitse anayenera kukwera makwerero, ndipo makwererowo anali pamsana pa apongoziwo. Kufika pamenepo sakanatha.

"Harriet," ananong'ona akumupatsa kiyi, "kwela iwe. Uchotse waya ofiila."

Harriet anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Kenaka anamanga chitenje zolimba, nakwera, natsekula bokosi lija n'kuzula wayayo. Kunangoti zii.

Mayi aja anadzuka pang'onopang'ono, nasasa fumbi. Analankhula ndi mwana wawo, koma mokweza, kuti khoma nalo limve.

"Ninamvela kuti bakubelani, nati nikamutenge mwana wanga. Nabwela kukutenga, Harriet."

Kuseri kwa khoma Festus anatsamira njerwa. Anadziwa kuti wadziphera yekha ukwati ndi manja ake aluso omwewo.

"Manje niuze," anapitiriza mayiwo. "Ine niyenda monga kambuzi? Ninaponda pa tsamba olo limozi?"

"Iyayi, amama."

"Ine nikapita m'munda olo nkhwali siuluka. Koma ici cinthu caniona." Anakweza maso kuyang'ana bokosi lija, ndipo ngakhale anali okwiya, ulemu unaoneka pankhope pawo. "Uyo kawalala azakacipita kuti? Nkhala pa nyumba yako. Koma ukabauze ba tate ba nyumba ino kuti nkhuku yanga yonipepesela ikhale yoyela, yaikazi. Na mau yao bacotsemo. Mukamwini sanitukwana ine."

"Manje muzikakamba ndani m'kaseti, ba mayi?" anafunsa Reuben, amene pakamwa pake sipankatsekeka.

"Mwana wanga uyu wamene. Anayamba kunikuwila akali kumusana, ninamuzyoloŵela."

Anthu anaseka n'kuyamba kutola mbatata. Festus anawomba m'manja katatu ali kobisala komweko, mwaulemu wonse, kenaka anatuma Reuben kukafuna nkhuku.

Madzulo asanafike, apongozi akupumula m'khitchini, Festus anatulutsa wailesi ija n'kuyiika pakhonde. Anaika kaseti, koma sanayerekeze kupempha Harriet kuti ajambulemo mawu ake. Harriet anatuluka m'nyumba atavala diresi lake lobiriwira, limene m'mawa linali pansi penipeni pa mtolo. Anakhala pampando, nakokera wailesiyo pafupi.

"Nikambe bwanji?"

"Mwamene ufunila," anayankha Festus mwachimwemwe.

Harriet anakoka mpweya, nadina batani lofiira.

"Kawalala! Coka pa nyumba yanga!"