Kamzere ka Mehraban Pakhoma

"Chotsa chidebe chako pafupi ndi moto!" anakalipa Golbanu. "Mzimu wa bambo ako ukadali muno mpaka m'bandakucha wa tsiku lachinayi chimwalirireni. Iwe wayamba kale kutsukira alendo?"

Esfandiar, mwana wake wokhala mumzinda wa Yazd, anaima ndi chisanza m'manja. Mwaye wa moto wa makolo, omwe anasema phanga lokhalamoli m'thanthwe la chigwa, unkamuyenderera m'zigongono.

"Amayi, amene akufuna kugonekamo alendo muno safuna makoma akuda. Inu tipita nanu m'tauni. Tisanamizane, simuona. Dzulo munathira tiyi pansi kapu ili poteropo. Masitepe akunjawa adzakuphani."

"Andiphe! Ndikakhale kwanu ngati thumba la ufa pakona, mkazi wako azikandilumpha? Muno ndimayenda ndekha. Bambo ako amwalira osadziwa n'komwe kuti maso anga anatha. Chaka chonse ndawabisira, iwo ali go! go! ndi tchizulo, ati akutseka mauna a zinkhanira. Nkhalamba yosowa chochita! Kundisokosera mpaka kugwa chitsulo chili m'manja."

Esfandiar ankayang'ana pamene anatsuka paja. Pansi pa mwaye panali kamzere koyera, kosemedwa chaposachedwa, kongokwana chala. Wosemayo anakapaka mwaye kuti aliyense wolowa asakaone.

Anagwira dzanja la mayi ake n'kuika chala chawo m'menemo.

"Ndisiye! Pamenepa ndimagwirapo tsiku lililonse. Ndi za zinkhanira zawo zomwezo."

"Tsatani, amayi."

Kamzereko kanayambira pogona pawo. Kanadutsa pamoto, kanakhota pamtsuko wa madzi, kanatulukira pakhomo. Ponseponse kanali pa msinkhu wa phewa la Golbanu. Malemu mwamuna wake, Mehraban, anali wamtali, ndiye kuti ankasema chowerama. Kunja kanatsika ndi masitepe pang'ono, n'kuthera pathanthwe losasema. Mphepo ya m'chigwa inawaomba.

"Wabodza," anatero Golbanu. "Ankadziwa. Ankandionerera ndikunama."

"Sanamalize, amayi. Masitepe atsala ambiri."

"Tchizulo ili pansi pa mtsamiro wawo. Manja uli nawo, kaya ndi otsukira basi."

Golbanu anabwerera yekha, chala chili m'kamzere. Anaponya chikuni pamoto. Kenako anapala mwaye padenga ndi chikhatho, n'kuyamba kupaka pamene mwana wake anayeretsa.