Nditulenkoni, Anthu a ku Salemu

Ku Salemu, kumtunda kumene Akhristu anadzipatula n'kumanga nyumba zawo pamzere, Lasabata linali Lasabata ndithu. Kusinja fufu, nsima yawo ya chinangwa, ayi, kupita kuchitsime ayi, ndipo katundu wa pamutu ndiye osayerekeza n'kumukhudza komwe. Lamuloli anaika ndi Abusa Kesila, mzungu wa ndevu zofiira, atatopa ndi amalonda amene ankadutsa pakhomo pa tchalitchi ndi mitsuko yawo potsika mapiri a Akuapemu. Koma amene ankalilondera kuposa mwini wake anali Teofilo Obuobi, mmisiri wa matabwa.

Obuobi anali ndi chifukwa chake. Lasabata lotsatira ankati amuike kukhala mkulu wa mpingo, ndipo ukuluwo ankaufuna mpaka tulo kumuthawa. Anali atayamba kale kuyenda manja ali kumbuyo ngati Abusa, mpaka ana ankamutsanzira akapotoloka.

Tsono tsikulo anthu akutuluka m'mapemphero, jekete zoyera mbee, anapeza mayi wina ataima pakati pa msewu. Anali mlendo, wachikulire ndithu, mapazi ali fumbi lokhalokha, pamutu pali chimtsuko cha mafuta ofiira a kanjedza. Anzake anali atamusiya m'mbuyo.

"Odi, eni mudzi! Ndine Maku wa ku Krobo. Nditulenkoni, khosi latha ili."

Mtsuko wotere munthu sadzitula yekha. Ukayesa, chimodzi chimasweka, mtsuko kapena khosi, n'chifukwa chake ngakhale mdani wako akati nditule, umamutula kaye, kukangana pambuyo. Koma lero aliyense anayamba kuona kumwamba, wina kukonza nsapato yomwe inali bwinobwino.

Obuobi anatsokomola n'kupita patsogolo. "Mayi, pepani, lero ndi Lasabata."

"Khosi langa silidziwa masiku, bambo."

"Tsikirani kumudziko, kwa anthu osapemphera. Akakutulani."

"Kumeneko ndikafika ndili maliro. Kodi inu, pokubatizani anakudulani manja?"

Atsikana anaseka atabisa pakamwa ndi nsalu. Obuobi anatuluka thukuta. Anayesa nzeru zonse, munthu wamkulu. Anati mayiyo atsamire khoma la sukulu, khoma n'kukhala lalifupi. Anati agwade pang'onopang'ono, mayiyo n'kumufunsa ngati anayamba wasenzapo kanthu chibadwire. Pomaliza anathamangira kwa Abusa, amene anaima pamasitepe akudzikupiza ndi chipewa.

Abusa sanali munthu woipa mtima, ayi. Anamumvera chisoni mayiyo, nkhope inaonetsa. "Koma Teofilo, ndikalola mmodzi, sabata yamawa msika wonse udzakhala pakhomo pano. Tidikire pang'ono. Padutsa wachikunja, amutula."

Anadikiradi, mpingo wonse uli chilili padzuwa, kuyang'ana uku ndi uku ngati angatulukire munthu wosabatizidwa woti amuchitire mayiyo chifundo m'malo mwawo. Koma adutsa ndani? Obuobi yemweyo ndi amene anathamangitsa achikunja onse, ndipo pa Lasabata anthu akumudzi ankalambalala Salemu kudzera njira ya kuchigwa.

Mayi Maku anasiya kunyoza. Chimenechi ndicho chinamupweteka Obuobi. Pamene ankalalata zinali bwino, koma tsopano anangoti zii, milomo itauma, maso ali pansi ngati wolakwa ndi iyeyo. Obuobi anachita manyazi oopsa. Anati ayang'ane kwina, koma miyendo inamutenga yokha, manja n'kukwera okha.

"Tsikani bwino, mayi, ndagwira."

Mtsuko unali wolemera kuposa mmene ankaganizira. Unapendekeka, mafuta khuthu! pamutu pa Obuobi, kutsika m'ndevu, jekete yonse psuu. Koma unafika pansi wamphumphu. Mayiyo anakhala pansi pomwepo, akupukusa khosi ndi kubuula mokoma.

Abusa anatsika masitepe, nkhope itafiira kuposa ndevu. "Teofilo! Iwe, mlonda wa lamulo, pamaso pa mpingo wonse? Za ukulu uiwale. Ukhala pabenchi lakumbuyo mpaka Khirisimasi."

Obuobi anangoti, "Ndamva, Abusa." Misozi inalengeza, ndipo sanaibise. Zinamuwawa kwambiri, chifukwa ukuluwo anaugwirira ntchito zaka zambiri.

Mayi Maku anamwa madzi amene wina anamupatsira mozemba, anapinda nkhata yake bwinobwino, n'kuimirira. "Ndapuma, abale. Tsono nditwikeni ndizipita."

Aa! Apa ndiye panavuta. Kutula angathe munthu mmodzi wamphamvu, koma kutwika chimtsuko chotere kumafuna awiri. Obuobi anapukuta mafuta m'maso. "Abusa, chilango chija n'chotula chokha, kapena kutwika kuli momwemo?"

Abusa anangopitiriza kudzikupiza ndi chipewa. Obuobi anawerama n'kugwira mbali imodzi. Mbali inayo inangokhala. Amuna anzake, amene mwina wina mwa iwo tsopano akanapata ukuluwo, anapinda manja mwaulemu.

Ndiye kunamveka mawu kuchokera kumbali ya amayi. Anali Oforiwaa, mkazi wa Obuobi, make Ntiamoa, amene anali ataitana kale abale ake onse kuphwando la ukulu. Ankabwera akukwinya nsalu m'chiuno, pakamwa pali moto.

"Bambo a Ntiamoa, inu ndinu chitsiru, ndanena pamaso pa anthu! Nkhosa ija ndinanenepetsera yani? Amayi anga ndikawauza chiyani? Taonani jeketeyo! Gwirani bwino uko, mungagwetse mafuta a eni ake."

Anawerama, onse awiri anakweza pamodzi, mtsuko n'kukhala pankhata. Mayi Maku anaugwedeza pang'ono kuti ukhazikike. Kenako anatembenuka thupi lonse, monga amachitira wosenza, nayang'ana khamu lija kuyambira uku mpaka uko.

"Ndikafika kwathu ndikawauza kuti ku Salemu ndinapezako anthu awiri."

Ananena m'chilankhulo chakwawo, chimene ambiri pamenepo ankachimva, ndipo mitu inawerama. Abusa okha ndiwo sanamve.

"Wati chiyani, Teofilo?"

Obuobi anayang'ana mkazi wake, mafuta akudontha m'ndevu.

"Akuti zikomo, Abusa."