Opulumuka a M'khola Lachitatu

Mwana wanga woyamba anapita ndi malungo asanayambe n'komwe kuyenda. Wachiwiriyu ali ndi miyezi isanu ndi iwiri, ndipo akangotentha thupi pang'ono ine sindigona tulo. N'chifukwa chake anthu amaseka akamva kuti ntchito yanga ndi yoweta udzudzu.

Chipinda chomwe ndimagwiramo ntchito chilibe zenera. Mumatentha, mumanunkha madzi ogonera, ndipo makola a neti amangolira tsiku lonse. Lolemba lililonse ndimaika udzudzu makumi awiri ndi usanu m'botolo momwe muli pepala la mankhwala, omwe aja amanyikamo maneti. Mawa lake ndimawerenga wakufa. Lamulo limati wopulumuka uikidwe m'firiji, ufe ndi kuzizira.

Lamulo limeneli linkandiwawa. Kanthu kalimbana ndi poizoni, kapambana, ndiye ine ndikamalize? Ndinkakabwezera m'khola lachitatu, mumtima n'kumati ndachita zachifundo. Makina ofunditsira magazi odyetsera udzudzu atawonongeka, ndinayamba kupisa mkono wanga m'kholamo nthawi ya teni koloko m'mawa, poti ndi pomwe ndinkapeza mpata. Udzudzu womwe sunkafuna kudya masana, kapena wonyansidwa ndi fungo langa, unkafa osaikira mazira. Sindinaganizepo kanthu, zaka ziwiri zathunthu.

Tsiku lina bwana wathu, amene timawatcha a Magalasi, anaimika botolo la udzudzu wa m'khola lachitatu pamaso panga.

"Mayi, tawerengani wakufa."

"Umodzi, bwana."

"Umodzi. Mtundu uwu umayenera kufa wonse. Mwauchita chiyani?"

Ndinaulula. Ndinkayembekeza kuti akalipa, koma anangokhala pampando pang'onopang'ono ngati munthu wolandira uthenga wa maliro.

"Ndiye kuti unazolowera mankhwala?" ndinafunsa.

"Udzudzu suzolowera kanthu. Mwa zikwi, pamabadwa umodzi wosiyana pang'ono ndi unzake, chibadwa chake basi. Poizoni amapha enawo, uwo n'kutsala. Inu mumautola, kuupezera banja, kuudyetsa. Ana ake amatengera. Mwasankha chonchi mibadwo ingati?"

Ndinawerenga pa zala. "Yoposa makumi anayi."

"Khola lonse m'firiji, lero lomwe. Mwayi wake sunatulukepo m'chipinda muno."

Khola linali chete. Nditayang'ana, udzudzu wonse unali utaunjikana mbali imodzi ya neti, mbali yomwe ndinaima ine. A Magalasi anali pafupi kuposa ine, mikono ili pamtunda, koma kwa iwo kunalibe ngakhale umodzi. Nditasuntha, nawo unasuntha.

Mwezi wathawo ofesi inatsekedwa sabata yathunthu. Ndinaopa kuti ziweto zanga zifa ndi njala, ndiye ndinatapako wa m'khola lachitatu, n'kuuika m'kakhola kakang'ono n'kupita nako kunyumba m'chikwama. Pobwerera munali udzudzu wochepa, ndipo pakona panali kachibowo. Ndinasoka, n'kukhala chete. Kuseri kwa nyumba yathu kuli ngalande yosauma, ndipo kwa aneba ana awiri anali atagona kale ndi malungo.

Ndinasiya khola m'manja mwa bwana n'kuthamanga, osatsanzika. Minibasi inkangoima paliponse, ine ndikutukwana chamumtima.

Ndinafika dzuwa lili paliwombo. Apongozi anga anali pakhomo la kuchipinda, akusoka, mapewa ali pamtunda chifukwa cha kutentha.

"Bwanji masana ano, mayi a mwana? Akuchotsani ntchito?"

"Mwana ali kuti, amayi?"

"Wagona. Neti ndamutchingira, musade nkhawa. Komatu udzudzu wa masiku ano ndi waulemu. Taonani, ine sukundiluma n'komwe."

Ndinalowa. Neti inali yatsopano, yonunkha mankhwala, ndinaigula ndekha. Mbali ya kukhoma inali yoyera. Mbali inayo, pomwe kamkono ka mwana kanatsamira neti, panali bii, udzudzu utaima mwadongosolo pamankhwala pomwepo, mimba zili zofiira. Sunkalira, ndipo sunathawe nditayandikira.

Ndinaupwanya ndi manja onse awiri, magazi n'kuthimbirira m'zikhatho. Mwana anadzidzimuka, koma sanalire. Anangondiyang'ana ndi maso olemera.

Ndinamunyamula, n'kuika tsaya langa pamphumi pake.

"Amayi," ndinaitana, "wayamba liti kutentha chonchi?"