Dikoda ya ba Chisanga

Mu Libala monse anthu ankanong'onezana kuti m'nyumba ya ba Chisanga muli ziwanda. Ena ankati amamva mkazi akukuwa m'menemo Lachinayi lililonse madzulo. Ena ankati n'chifukwa chake ba Jonas Chisanga anagwa ndi sitiroko chaka chatha, pakamwa n'kupindika, mawu n'kuthawa. Mayi wogulitsa tomato pakona paja anafika pouza makasitomala ake kuti anaona kuwala kwa buluu pawindo. Kuwala kwa buluu! Nanga TV imawala bwanji?

Wokuwayo analidi mkazi, koma wa mu TV. Panali filimu ina yakunja ya wapolisi wamkazi wofufuza milandu ya kupha, amene akufawo amamubwerera kudzamulozera pofufuza. Sizoni yakale inathera pamene iye anatsekeredwa m'mochale, ndipo kwa miyezi inayi ankangoonetsa zobwereza. Yatsopano inali yoti iyambe Lachinayi, seveni koloko madzulo.

Ba Jonas anagwira ntchito yofufuza milandu kupolisi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Chidwalireni ankangonena "ee" ndi "iyayi", tsiku lonse ali pampando kuyang'ana khoma. Koma Chantelle, mwana wawo wa giredi naini, anaona chinthu china. Filimu ija ikayamba, bambo ake ankadzuka maso. Ankagogoda mpando ndi dzanja lawo labwinolo, n'kumang'ung'udza apolisi a mu TV akalakwitsa.

Lamlungu mapemphero atatha, ba Helen, dikonesi woyang'anira kwaya, anamuitanira kuseri kwa tchalitchi pafupi ndi thanki ya madzi.

"Iwe Chantelle, bwela kuno. Namvela ati kwanu mumaonela viwanda pa TV."

"Ni filimu chabe, ba dikonesi."

"Chabe? Bakufa bakamba na bamoyo, iwe ukuti chabe? Ba dadi bako sibazapola ngati chija chintu chikali mu nyumba. Pa Chinayi nizabwela na bazimai. Tizapemphela, dikoda tizatenga tikaoche. Ukakana, yunifomu ya kwaya ubweze."

Ndiye mudziwe kuti Chantelle anadikira zaka ziwiri kuti apatsidwe solo, mwayi woimba yekha kutsogolo. Zaka ziwiri akuimba kumbuyo, pafupi ndi sipika yomwe imalira ngati njuchi! Ndipo anali atangopatsidwa kumene solo ya Lamlungu la achinyamata.

Kunyumba anafotokozera mayi ake, ba Virginia, amene anali akusita zovala zopita nazo kuofesi ku Longacres.

"Bapase chabe, mwana wanga," anatero osakweza mutu. "Sinifuna nkhani na ba chechi. Pamene ba wiso benze mu chipatala, ndani enze kutibweletsela chakudya? Si ba Helen?"

"Manje ba dadi bazayamba kuonela chani? Chipupa?"

"Osanikambila so, iwe."

Mtima wa Chantelle unali utatupa. Anayang'ana pakalenda ya m'chipinda chochezera. Pa tsiku la Lachinayi panali kamzere kokhota ka bolopeni, ndipo iye sanakalembe. Bambo ake anachita kudzikoka okha mpaka pakhomapo n'kukalemba.

Lachinayi atabwera kusukulu anachapa yunifomu ya kwaya, bulauzi yoyera ndi siketi yofiirira. Anaiyanika, anaisita bwinobwino, n'kuipinda m'pulasitiki. Kenako anasuntha mpando wa bambo ake kuuika pakati penipeni, n'kuwaikira limoti m'dzanja.

Kutatsala mphindi khumi kuti seveni koloko ikwane, geti inalira. Ba Helen analowa ndi amayi awiri, wina atanyamula botolo la mafuta odzozera, wina chikwama chopanda kanthu choti aikemo dikoda. Ba Virginia anawalandira ndi ulemu wonse, n'kuthamangira kukhichini kukatenga zakumwa.

"Mwana wanga, chosa ntambo," anatero ba Helen.

Chantelle anagwada monga mwana woleredwa bwino, natambasula manja onse awiri. M'manjamo munali pulasitiki ija.

"Yunifomu yanu iyi, ba dikonesi. Nachapa. Dikoda siichoka."

"Uziba chamene uchita?"

"Niziba. Ni ya ba dadi. Bafunseni beve."

Ba Helen anayang'ana ba Jonas. Ba Jonas anayang'ana TV, n'kudina limoti. Nyimbo ya filimu inayamba, ija ya ng'oma yogunda pang'onopang'ono ngati mtima.

Basi amayi aja anayamba kupemphera mokweza, akuzungulira chipinda, mafuta akuwaza pamakatani, pa sofa, ngakhale pa chithunzi cha ukwati. Chantelle anakhala pansi pafupi ndi miyendo ya bambo ake, nakweza voliyumu. Mu TV, chitseko cha mochale chinatseguka. Wapolisi wamkazi uja sanalimo. Pansi panali mpeni wokhawokha, ndipo kapolisi kena katsopano kanawerama n'kuutola ndi dzanja lopanda kanthu.

"Iwe! Siya mpeni! Magulovu ali kuti?"

Mawuwo anali a ba Jonas, olemera, okokeka, koma aliyense anawamva. Pemphero linaduka pakati. Ba Virginia anaima pakhomo la khichini, thireyi ili m'manja. Miyezi khumi ndi umodzi anali asanamve amuna awo akunena mawu opitirira amodzi.

"Chipuba," anawonjezera ba Jonas, kutanthauza chitsiru, akupukusa mutu. "Aononga... umboni."

"Aleluya!" anafuula ba Helen, manja m'mwamba, ataima kutsogolo kwenikweni kwa TV. "Lilime lamasuka! Mwaona pemphelo?"

Ba Jonas anakweza dzanja pang'onopang'ono, n'kulikupiza kumbali.

"Ba Helen... sendelani. Mwachinga."

Mmodzi wa amayi aja anaseka n'kudzitseka pakamwa ndi chitenge. Uja wa chikwama anayandikira pa dikoda, koma ba Virginia anaika thireyi pansi n'kuima pakati.

"Iyo isiyeni," anatero modekha. "Nkhalani mumwe, olo mupite bwino. Koma iyo isiyeni."

Sanamwe. Ba Helen anatenga pulasitiki ya yunifomu n'kutuluka. Ine ndamva kuti mayi wa chikwama uja anatsalira pakhomo kanthawi ndithu, khosi litapindikira ku TV, mpaka ba Helen anachita kumukuwira ali pageti.

Lamlungu ba Helen anapereka umboni kutsogolo kuti pemphero lawo linamasula lilime la wodwala, ndipo tchalitchi chonse chinaomba m'manja. Solo inapatsidwa kwa mtsikana wina, Chloe, amene anaiwala vesi yachiwiri n'kungobwereza yoyamba. Chantelle anakhala pa benchi yakumbuyo ndi diresi wamba, mutu uli chilili. Analira pang'ono, sindibisa, koma sanapite kukapepesa, ndipo akuti sapita.

Lachinayi lililonse seveni koloko, mukadutsa pa nyumba ija mumva mkazi akukuwa, kenako mwamuna akukalipira apolisi. Sabata yatha ba Jonas anatchula wakupha filimu isanafike n'pakati pomwe.

Nanga inu, akanakuikirani yunifomu uku, dikoda uku, mukanapereka chiti?