Tambala wa Loweruka

"Tambala ameneyo musaphe, azakhali!"

A Stelia anaima mpeni uli m'manja, phazi litaponda mapiko a tambala wofiira. Wokuwayo anali Atikonda, mwana wa mchimwene wawo Gerishon, amene anaikidwa m'manda sabata yomweyo. Achibale ochokera ku Chifunga anali asanabalalike, ndipo ndiwo zankhuli zinali zitatha m'nyumba.

"Iwe, nanga alendowa adyera chiyani?"

"Ndi wa Loweruka, tsiku langa lobadwa. Tinasankha ndi ababa."

A Benedict, mkulu wake wa malemu, anatsitsa kapu ya tiyi. Anali munthu wabwino ndithu, koma wa mtundu uja woti akangotsokomola ana amasiya masewera.

"Alamu," anatero akuyang'ana a Esnart, mayi wa mwanayo, "phwando pakhomo pano misozi isanaume? Anthu a pa Lisungwi adzati mwakondwa kuti mwamuna wapita. Mudzayenda bwanji pamsika?"

A Esnart anawerama. Zimene ananena alamu awo zinali zoona, koma mtima unawawawa kwambiri, chifukwa ankadziwa mmene phwandolo linakonzedwera.

Gerishon ankagulitsa mbatata ya kachewere pamsika, ndipo pa malonda ake sankauzidwa zochita ndi munthu. Koma tsiku lobadwa la mwana likayandikira, ankamukhazika mwanayo pampando wake, iye n'kukhala pansi, n'kufunsa kuti, "Bwana, chaka chino tichita zotani?" Zimene mwana wanena zinali zomwezo. Chaka china Dalitso, mchimwene wake wa Atikonda, analamula kuti anthu adye mandasi okhaokha, ndipo banja lonse linagona ndi chilungulira popanda wodandaula. Anzake a pamsika ankamuseka Gerishon kuti akulera mabwana m'nyumba. Iye ankangoseka nawo, chaka chotsatira n'kukhalanso pansi pomwepo.

Atikonda anamva zonse zimene ananena a Benedict. Sanalire. Anapita kuseri kwa khola, n'kukhala kumeneko mpaka mthunzi wa mango unafika pakhonde. Kenako anabwera n'kugwada patsogolo pawo.

"Bambo aakulu, ndakonzanso."

"Wakonza chiyani?"

"Wailesi ndachotsa. Kuvina ndachotsanso, ndi zibaluni zomwe. Anzanga abwere ochepa, aja ankathandiza kutunga madzi pamaliro. Tidye mpunga ndi tambalayu, tiimbe nyimbo imodzi ya kutchalitchi, basi."

"Wakuuza zimenezi ndani? Amayi ako eti?"

"Palibe. Ababa ankati mvula ikagwa, mwini phwando ndi amene amaona kosamutsira mphasa."

A Benedict anakayang'ana kamwana ka zaka zisanu ndi zinayi kameneka. Iwo anali atakonzekera kuthana ndi mwana wolira, ndipo mwana wolira savuta. Uyu anabwera ndi maganizo ake, atawayeza kale yekha, ndipo choti atsutse anachisowa.

"Stelia, m'siye tambalayo," anatero pomaliza. "Alendo adya nyemba."

Loweruka m'mawa Atikonda anagawa ntchito ngati kapitawo wa pamunda. Dalitso anasesa pansi pa mango n'kuyala mphasa. A Stelia, amene ankang'ung'udzabe za nyemba zija, anapatsidwa mpunga, ndipo anauphika bwino kuposa mmene amaphikira kwawo. Amayi oyandikana nawo anayamba ndi kusuzumira pampanda. Ataona kuti kulibe phokoso, awiri analowa atanyamula nkhuni.

Chakudya chitapsa, ana anakhala pamphasa mondondozana. A Benedict anakhala pampando wawo kudikira kuti mwana awabweretsere madzi osamba m'manja, monga amachitira masiku onse. Palibe amene anadzuka. Jagi ndi beseni zinali pakati pa bwalo, ana onse atatambasula manja, maso ali pansi.

"Kodi akudikira chiyani awa?" anafunsa a Benedict.

Ntchito zonse Atikonda anali atagawa, kupatula imodzi, ndipo apa ndi pamene misozi inamugonjetsa.

"Inali ntchito ya malemu," anatero a Esnart motsitsa mawu. "Tsiku ngati la lero mwana kapena mkazi sankagwira madzi. Ankagwada okha, kusambitsa ana m'manja mmodzimmodzi, ngakhale ana a eni ake."

A Benedict anayang'ana jagi ija. Chibadwire anali asanagwadirepo mwana, ndipo sankadziwa kuti mng'ono wawo wakhala akuchita zimenezi chaka ndi chaka. Anadzuka pang'onopang'ono, n'kuvula jekete, n'kuikoloweka pampando. Mawondo analira pogwada, koma palibe mwana amene anaseka.

"Ankayambira kuti?" anafunsa.

Atikonda anapukuta maso ndi mkono, n'kuloza kumapeto kwa mphasa, kumene kunakhala kamnyamata kopanda nsapato, kakang'ono kuposa onse.

A Benedict anakwawa ndi mawondo mpaka kumeneko, n'kuyamba kuthira madzi.