Nkhalango ya a Pulofesa Aldridge

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndakhala ndikuyeza mitengo m'mapiri a kumwera kwa Oregon, ndipo mawondo angawa angachitire umboni. Ntchito yanga ndi yosavuta kufotokoza. Setilaiti ikajambula dziko ili kumwambako, ine ndimavala jombo, kutenga tepi, n'kupita kukaona ngati yanena zoona. Anthu a ku yunivesite amatitcha "apansi". Ndiye kuti iwowo ndi akumwamba, kaya.

Mkulu wa akumwambawo anali Pulofesa Corwin Aldridge. Bambo ameneyu anali ndi nambala yake imene ankaikonda kuposa ana ake, nambala ya ophunzira anzake amene atchulapo pepala lake la kafukufuku m'mapepala awo. M'mawa uliwonse, asanavule ndi jekete lomwe, ankatsegula kompyuta kuti aone ngati yakwera. Pepala lotchukalo linali ndi mapu a nkhalango zopsa ndi moto. Pofiira ndiye kuti sipanamere kanthu. Pobiriwira ndiye kuti mitengo yaphukanso yokha, musavutike kubzala. Anzake atalitchula ka 900, iye anagula keke, ife apansi n'kutisungira nyenyeswa.

Ofesi ya zankhalango inakopeka nawo mapuwo n'kuyamba kuwatsata pogawa malo obzala. Phiri la Cutter, limene linapsa zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, pamapupo linali lobiriwira biriwiri. Basi analifufuta pamndandanda.

Amene zinawagwera ndi a Merle Hostetler, mkulu wa nazale yaing'ono kumunsi kwa chigwa, mnzanga wakalekale. Anali ndi mbande za paini zikwi makumi anayi zolerera phiri lomwelo. Mbewu zake anakatola okha m'mitengo yochepa imene inapulumuka moto pamwambapo, chifukwa kuno mbewu ya phiri lina subzala paphiri lina, imafa ndi chisanu. Anazilera zaka ziwiri. Kalata yoti phirilo salibzalanso imafika n'kuti atazizula kale, atazilongedza m'matumba m'chipinda chozizira, ndipo mbande yozulidwa ikapitirira masabata atatu isanalowe m'nthaka, yatha.

Anandiimbira foni. "A Lorna, inu mumakwera phiri lija. Kodi kwamera mitengo ine osadziwa?"

"Mitengo yake iti? Kuli minga yokhayokha."

"Nanga kalatayi ikuti lachira."

"Lachira m'kompyuta, achimwene."

Ndinawakakamira a Pulofesa masiku anayi mpaka anavomera kukwera nane. Anabwera atavala nsapato zatsopano zokwerera mapiri, zisanapondepo ngakhale ndowe, m'manja atanyamula kakompyuta kawo ngati mbale ya chopereka. Njira yonse ankandiphunzitsa za phiri limene ine ndakhala ndikugwapo chigwere iwo ali kusekondale. Ndinangoti ee, ee, mtima ukuwira.

Titasiya galimoto tinayenda theka la ola. Kenaka njira inatha, kutsogolo kuli zitsamba zaminga za mabulosi akutchire, zotalika kuposa munthu, zolukanalukana kuchokera kumtsinje mpaka pamwamba. Pakati pake zitsa zakuda za mitengo yopsa zitangoti njo.

A Pulofesa anayang'ana pakakompyuta paja. "Malinga ndi mapu, panopa tili pakati pa nkhalango yaing'ono ya zaka zisanu."

"Ndiye khalani pamthunzi mupume, bwana."

Sanaseke. Anati mwina timitengoto tili pansi pa zitsambazo.

"Lowani mukafune. Mukapeza umodzi wokha wamoyo, ndikuberekani kumsana mpaka kugalimoto."

Analowadi, ndisaname. Anakwawa mikono ingapo, minga n'kuwagwira malaya, kuwakala khutu, kuwalanda chipewa. Anatuluka chambuyo, magazi ali chuu pakhosi. Ine ndinkadikira manyazi. Ndinali nditakonza kale mawu owatonthoza, poti munthu akagwa sumupondanso.

Koma ayi ndithu. Maso awo anali kuwala ngati mwana waona maswiti.

"Mayi Pruitt, izitu n'zochititsa chidwi kwambiri! Setilaiti imangoona kubiriwira. Tsamba la munga ndi tsamba la paini kwa iyo n'chimodzimodzi. Mukudziwa kuti apa pali pepala lina?"

Asa! Ndinatsala pang'ono kulavula.

"Pepalalo mulemba mawa. Lero imbani foni ku ofesi ya zankhalango, muwauze kuti mapu analakwa paphiri lino. Mbande za a Hostetler zatsala ndi masabata awiri."

Anandiyang'ana ngati ndawapempha kuti avule pamsika. Anati chinthu chosindikizidwa sichifufutidwa ndi foni. Pafunika zithunzi za zilimwe zitatu zapitazi, kenaka pepala, kenaka ophunzira atatu osadziwika alisanthule. Zikayenda bwino, miyezi isanu ndi inayi.

"Sayansi sithamanga, Mayi Pruitt."

"Nanga polifufuta phirili inathamanga bwanji?"

Apo anayamba kupukuta magalasi. Chifukwa chenicheni ndinkachidziwa, poti lipoti lawo la chaka chimenecho ndinaliwerenga. Anali atadzitama m'menemo kuti kafukufuku wawo sangothera m'mabuku, wasintha ndi kagwiridwe ka ntchito ka boma, ndipo chitsanzo choyamba chinali phiri la Cutter. Munthu angaimbe foni yodzichotsera ulemu yekha?

Potsika anandipempha kuti ndiwajambule ataima pafupi ndi mingayo. Ndinawajambula, ndikanatani.

Mawa lake ndinapita ndekha ku ofesi kuja, nditanyamula zithunzi makumi atatu ndi tsamba la miyeso yanga. Mayi amene amasaina mndandanda wobzala anandilandira bwino, anandipatsa ndi khofi yemwe. Anaziona zithunzizo chimodzichimodzi, akugwedeza mutu mwachisoni.

"Zikuoneka zoona ndithu. Koma zimenezi zinatuluka m'magazini iti ya akatswiri?"

"Zatuluka m'thumba mwangamu."

Anati lamulo lawo latsopano likuti azitsata umboni wosindikizidwa, ndipo ngati mwini mapu atalemba kalata, ngakhale ya mizere iwiri, asaina tsiku lomwelo. Ndinawalembera a Pulofesa katatu. Yankho linabwera kamodzi, lakuti m'pepala latsopanolo dzina langa adzaliika kumapeto, pamene amathokoza othandiza. Zikomo kwambiri, bwana, ndidzalipachika pakhoma.

Tsiku lotaya mbandezo ndinapita kukawathandiza a Merle, chifukwa ntchito yotero munthu sagwira yekha. Mizu inali itayamba kuchita nkhungu. Tinkang'amba matumba n'kukhuthulira m'ngolo ya thirakitala, iwo n'kukataya kuseri kwa nazale. Ine ndinkatukwana chamumtima, kenaka mokweza, kenaka ndinangolira, ndipo sindikuchita nazo manyazi.

Ngolo yomaliza itakhuthulidwa a Merle anazimitsa injini n'kutsika pang'onopang'ono, atagwira chiuno. Anatola kambande kamodzi, kukayang'ana mizu monga amachitira nthawi zonse, n'kukaponyanso pamulu.

"Kodi mkulu uja anaona ndi maso ake?"

"Anaona. Mpaka minga inamukala."

"Ndiye anati chiyani?"

"Anati n'zochititsa chidwi."

A Merle anagwedeza mutu. Muluwo unali wautali kuposa thirakitala, masamba ake akadali aawisi, akununkhira utomoni padzuwa. Anayang'ana kumwamba kanthawi, atatchinga maso ndi dzanja.

"Chinthu chawocho chimadutsa liti pano?"

"Lachinayi m'mawa."

"Zikhala zisanaume," anatero. "Mukawauze kuti kwa Hostetler nakonso kwamera nkhalango."