Anameta Mbali Imodzi

Hellen Chadza ankagwira ntchito pa kakampani kena ku Lilongwe, kolemba mapulogalamu a pakompyuta. Chaka chimenecho ntchito yawo yaikulu inali pulogalamu ya bungwe lina la alimi, yolembera mayina ndi kugawira mbewu ya soya ndi mtedza. Anailemba yekha, ndipo ikadwala panalibenso wina wodziwa mankhwala ake. N'chifukwa chake miyezi isanu inatha asanapondeko kwawo ku Nambuma.

Lachitatu lina mu Novembala, mkulu wake Dorika anamuimbira foni. Dorika ndiye ankasamalira bambo awo, a Gilbert Chadza, mphunzitsi wopuma amenenso anatumikira zaka zambiri ngati mkulu wa mpingo.

"Ababa kuiwala kuja kwakula," anatero Dorika. "M'mawa amakhalako bwino. Dzuwa likangopendeka, ngakhale ineyo amandifunsa kuti ndine mwana wa yani. Ngati ukufuna akuone iweyo, ubwere m'mawa."

Loweruka Hellen analawirira. Pofika eyiti koloko kabaza anali atamutula pakhomo, chikwama cha laputopu kumsana, m'manja makina ometera a batire amene anagula m'tauni. Bambo ake anali pakhonde, ataonda, tsitsi litakula ngati la munthu wotayika. Anamuyang'ana nthawi yaitali. Mtima wa Hellen unali m'mwamba.

"Hellen," anatero nkhalambayo. "Wanenepa, eti? Kutauni akukudyetsani chiyani?"

Hellen anagwada n'kugwira dzanja lawo ndi manja onse awiri. Anaseka, misozi ili m'maso. Dorika, amene anaima pakhomo ndi tsache, anangotembenukira kumbali.

Atamwa tiyi, Hellen anatulutsa mpando pansi pa mtengo wa mango, anawakulunga chitenje m'khosi, n'kuyamba kuwameta. Bambo ake ankalankhula bwinobwino. Anafunsa ngati nyumba yake ya lendi ikudonthabe. Anakumbuka tsiku limene anamutengera pa njinga kukalemba mayeso a sitandade eyiti, tcheni n'kuduka pa mlatho, iwo n'kumaliza ulendowo akuthamanga naye. Tsitsi loyera linkagwera pa chitenje, lina pa mapazi a Hellen. Mbali ya kumanja inatha, khungu lili mbee.

Apo ndiye foni inalira. Anali a Nickson, abwana ake.

"Hellen, pepa, ndikudziwa uli kumudzi. Ku Nsaru zinthu zaima. Alimi oposa mazana atatu ali pamzere kuyambira m'bandakucha, lole ya mbewu yafika, koma pulogalamu ikungozima. Akuluakulu a bungwe andiimbira kanayi."

"Bwana, ndinapempha tsiku lalero."

"Ndikudziwa. Ungoiona. Mwina n'kanthu kakang'ono."

Hellen anayang'ana mutu wa bambo ake. Pakhomopo netiweki inali yongokwana kulankhulirana. Kuti alowe mu seva ya kampani, kompyuta yaikulu imene inkayendetsa pulogalamuyo, anayenera kupita kumsika, mtunda wa makilomita awiri.

"Ababa, ndikubwera pompano. Kuntchito kwavuta pang'ono."

"Pita, mwana wanga. Ntchito sanyoza. Ine ndili pompano."

Hellen anabwereka njinga ya Dorika. Kumsika anakhala pa benchi ya mushopu ina yotchajitsa mafoni, laputopu pamiyendo, wailesi ikulira pambali pa khutu lake. Anaimbira Monica, kalaliki wa bungwe amene anali ku Nsaru. Kumbuyo kwa mawu a Monica kunkamveka phokoso la anthu otopa.

"Achemwali, tithandizeni. Kuno anthu ayamba kunena kuti tabisa mbewu. Amayi ena akomoka ndi dzuwa."

Hellen anayamba ndi zodziwika. Anazimitsa seva n'kuiyatsanso. Pulogalamu inadzuka, inalandira alimi asanu ndi awiri, n'kugwanso. Anaganiza kuti mwina malo osungira zinthu adzaza, koma anali asanadzaze. Anaganiza kuti ndi netiweki ya ku Nsaru. Monica anayenda mpaka pamsewu, foni m'mwamba, koma sizinasinthe. Kenako netiweki ya Hellen yemwe inathawa, ndipo anakhala mphindi makumi anayi akuyang'ana kagudumu kakuzungulira pa sikirini.

Cha m'ma leveni Dorika anatumiza uthenga: *Akukana kuchoka pampando. Akuti Hellen amalize.* Hellen anayankha kuti watsala pang'ono. Ankadziwa kuti akunama, chifukwa anali asanapeze n'komwe pamene panali vuto.

Thukuta linkatsika m'msana. A Nickson ankaimba mphindi khumi zilizonse kufunsa kuti zili pati. Hellen anawerenga mzere ndi mzere zimene seva inalemba isanagwe, mpaka maso anayamba kuwawa. Wani koloko itakwana, anafunsa Monica funso limene anayenera kufunsa poyambirira.

"Munthu amene mumamulemba nthawi imene inazima ndi ndani?"

"Koyamba anali a Ng'oma. Kachiwiri mayi Chiwang'ombe."

Hellen anatseka maso. Lachinayi, akuthamangira kumaliza kuti apeze mpata wobwera kumudzi, anasintha mmene pulogalamu imasungira mayina. Kachizindikiro ka pamwamba ka mu *ng'*, kamene ana asukulu amakatcha nkhodolero, kompyuta inkakamva ngati mapeto a lamulo, ndipo zotsatira zonse inkaziona ngati zamisala. Tsiku limenelo anangoyesera ndi mayina ngati Banda ndi Phiri okhaokha. Kukonza kwake kunali mizere iwiri. Koma kuti zokonzazo zifike pa seva ndi netiweki ya pamsikapo, kenako pa mafoni anayi a ku Nsaru, panapita maola ena awiri.

"Zayenda!" anafuula Monica. "A Ng'oma alandira. Mulungu akudalitseni, achemwali."

Hellen anapalasa njinga ngati akuthawa moto. Anafika dzuwa litapendeka. Mpando unali pomwe paja, koma mthunzi unali utasuntha kalekale. Bambo ake anali chikhalire, chitenje chikadali m'khosi, mbali imodzi ya mutu ikunyezimira ndi thukuta. Mbale ya chakudya inali pansi, yovundikira, yosakhudzidwa. Dorika anali ataima ndi ambulera pamwamba pawo.

"Ababa, ndabwera. Pepani. Tiyeni timalize."

Anayatsa makina. Nkhalambayo inadzidzimuka, inakweza mkono kutchinjiriza mutu.

"Mayi, mukufuna chiyani?"

"Ndine Hellen, Ababa."

Anamuyang'ana mwaulemu, monga ankayang'anira makolo obwera kudzadandaula kusukulu. "Mwachokera kuti, mayi? Dorika, apatseni mpando alendo." Kenako anatsitsa mawu. "Musandikhudze kumutu. Ndili ndi mwana wanga ku Lilongwe, wa zamakompyuta. Ndi amene amandimeta. Koma ndi wotanganidwa, sabwerabwera. Mukamuona kumeneko mumuuze kuti kuno tili bwino."

Hellen anazimitsa makina. Anakhala pansi pa dothi, pa tsitsi lomwe anameta m'mawa, n'kuyankha kuti akamuuza.

Kuseri kwa khitchini Dorika sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangotsuka mapoto, n'kunena chozolika: "Anakutchula mpaka cha m'ma thwelofu. Ankauza aliyense wodutsa pamsewu kuti Hellen wabwera. Kenako anasiya kutchula dzina, anangoti akudikira munthu."

"Anthu mazana atatu, akulu anga. Ndikanatani?"

"Sindikudziwa. Ine zakozo sindizimva. Ndikungokuuza zimene zinachitika kuno."

Hellen anagona komweko, akuyembekeza m'mawa wa Lamulungu. Anadzuka molawirira n'kukakhala pakhonde. Bambo ake anatuluka, anamupatsa moni ngati mlendo wa Dorika, n'kumufunsa ngati kwawo mvula yayamba. Kutchalitchi anapita atavala chipewa, ndipo sanalole kuchivula ngakhale m'kati, iwo amene kale ankabweza anyamata pakhomo chifukwa cha chipewa. Lachiwiri Dorika anaitana wometa wa kumsika. Anachita kuwagwira manja onse awiri kuti ntchitoyo ithe.

Lolemba ku ofesi a Nickson anamuyamika Hellen pamaso pa onse. Anati ndi anthu otere amene amaimika kampani. Anzake anaomba m'manja. Hellen anatsegula laputopu n'kulemba mndandanda wa mayina makumi asanu okhala ndi *ng'* oti aziyesera pulogalamu isanatuluke. Anaulemba mosamala, chifukwa ndi chokhacho chimene chinali m'mphamvu yake.

Kuyambira pamenepo ankapita ku Nambuma Loweruka lililonse, foni atazima. Ankafika eyiti koloko isanakwane. Masiku ena bambo ake ankamutcha nesi, masiku ena mlongo wawo amene anamwalira kale. Ankamulandira bwino ndithu, ndipo ankamuuza nkhani za kusukulu, zomwezomwezo, iye n'kumaseka pamalo oyenera kuseka. Mvula inagwa, soya wa ku Nsaru anamera, chimanga chinamasula. Mu Marichi a Chadza anasiya kulankhula, ndipo anamwalira sabata ya Pasaka, Lachinayi m'mawa, Hellen ali pa msonkhano wa kuntchito.